Zipata za M'mutu mwa Yotamu

Magetsi athima kale ku Kalingalinga.
Ndikuwerenga ndi tochi ya foni,
mayeso ndi Lachinayi,
ndipo tsamba ili landikanirira pakhosi:
mizati inayi yokumbatirana
pakhungu la selo ya muubongo,
pakati pake kabowo kotseka.

Buku likuti selo ndi inzake sizikhudzana.
Pali kampata,
kochepa moti ngakhale tsitsi silingalowemo,
ndipo uthenga suwoloka wokha.
Amaunyamula ndi gulutameti,
mthenga wopanda nsapato,
amene akafika kutsidya amagogoda.

Zipata zogogodedwa n'zambiri.
Zina zimatseguka mwaphuma
ngati chitseko cha minibasi pa Kulima Tawa
kondakitala asanamalize kukuwa.
Koma ichi, cha kaineti, chili ndi khalidwe lakelake.
Chikatseguka
sodiyamu amakhamukira m'kati,
potaziyamu n'kuzembera kunja,
nthawi zina kashiyamu naye amalowa chozemba,
magetsi a selo n'kugwedezeka.
Kenako chimadzitseka chokha
mthenga akadali pomwepo,
dzanja lili pachitseko.
Mawu ake ndi aang'ono, koma amachedwa kuzilala
ngati kutentha kwa mbaula m'bandakucha.

Atate akhala akulondera geti ku Kabulonga
zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Tsiku lina akuvula jombo anandiuza:
"Kutsegula ngakhale mwana angathe, Dailesi.
Ine amandilipira
chifukwa chodziwa nthawi yotseka."
Ndinaseka. Lero ndawapeza m'buku la sayansi,
kasoti yawo ili pamphumi.

Kuseri kwa katani Yotamu akuliza mkonono.
Khunyu linamuyamba ali sitandade thuu.
Chaka chatha anagwa pamsika wa Mtendere,
pakati pa mulu wa tomato ndi wogulitsa makala,
anthu n'kupanga bwalo, osamukhudza,
ati thovu lake limapatsira.
Mayi wina anatchula ziwanda.
Ine ndinamugoneka chammbali,
n'kuwerenga masekondi mokweza
kuti ndisalire.

Tsamba lotsatira likuti amithenga akachuluka,
onse n'kumagogoda nthawi imodzi,
zipata zimalephera kupuma,
selo imadzutsa selo, inayo n'kudzutsa zina,
mpaka mzinda wonse wa m'mutu
uyaka nthawi imodzi.
Ndinafunsa mayi Zyambo m'kalasi ku Ridgeway
ngati ndi chipata chimenechi chimagwetsa mlongo wanga.
Anavula magalasi.
"Usafulumire kuloza chitseko chimodzi," anatero.
"Nyumbayo ili ndi makomo ambiri,
ndipo ena sitinawapezebe."

Dzina lakelo akuti linachokera ku ndere za m'nyanja ya mchere
zimene anthu akutali ankaphera njoka za m'mimba.
Ine nyanja ya mchere sindinaionepo.
Madzi aakulu amene ndimadziwa
ndi a ku Kanyama mwezi wa Januwale,
osefukira mpaka m'mawondo,
mapepala a pulasitiki akuyandama.
Komabe ndere zimenezo
zinapatsa dzina kachipata
kamene kali m'mutu mwa mwana wa mayi anga,
ndi mwanga momwe,
kakutseguka panopa
pamene ndikuyesa kuloweza dzina lake.

Foni yatsala ndi maperesenti asanu ndi limodzi.
Pashelefu, m'kabotolo ka ku UTH,
mwatsala mapilisi atatu.
Mawa ndi tsiku la mzere.

Tambala wa kwa a Chulu walira kawiri.
Ndikumva jombo pamiyala,
kutsokomola kumene ndimakudziwa,
kenako kugogoda katatu, pang'onopang'ono,
kuti wodwala asadzuke.

Ndachotsa mpiringidzo.
Atate alowa ndi mphepo ya Juni m'chikhoto,
ndi mabanzi awiri m'thumba.
Ayang'ana kukatani, amvetsera mkonono,
kenako ayang'ana ine,
ndaima chitseko chili pululu,
buku lili m'khwapa.

"Tseka," atero.